Kudzutsa masipika akale popanda kuwononga mawu ake

Masipika a Pioneer, Sansui, Technics, Kenwood ndi Wharfedale a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akadalipo m'nyumba zambiri kuno ku Salima, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay ndi ku Chipoka. Ena anabwera ndi makolo pochokera ku Joni, ena anagulidwa ogwiritsidwapo kale ntchito ku Lilongwe. Ambiri angokhala pakona chifukwa besi inayamba kulira phwe-phwe, kapena twita, kasipika ka mawu aang'ono, inangoti zii.

Akapita nawo kokakonzetsa, nthawi zambiri wufa yoyambirira, sipika yaikulu ya besi, imachotsedwa, m'malo mwake n'kuikamo ya pamsika yofanana nayo kukula basi, crossover, kabolodi kogawira wufa ndi twita mawu, n'kudulidwa, mawaya n'kulumikizidwa mwachindunji. Bokosilo limalira ndithu, mwinanso mokweza, koma mawu ake aja apita. Opanga anayeza wufa, twita, crossover ndi kukula kwa bokosi kuti zonse zigwirizane, ndipo mukasintha chimodzi mwachisawawa zina zitatuzo zimasokonekera. Chomvetsa chisoni n'chakuti chimene chimafa m'masipika amenewa nthawi zambiri n'chotchipa: siponji ya m'mphepete mwa koni (pepala lonjenjemera la wufa), kapasita imodzi kapena ziwiri za mu crossover, kapena dzimbiri pamene zitsulo zimakhudzana. Ntchito yeniyeni ndi kupeza chavutacho musanagule kanthu kalikonse.

Nyengo ya kuno kunyanja imafulumizitsa zonsezi. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, makamaka m'nyumba za malata zopanda siling'i, kumaumitsa makapasita. Chinyezi cha m'dzinja chimawoletsa siponji ndi kufufumitsa matabwa a bokosi.

Zida zofunika si zambiri: multimeter, makamaka yoyezanso makapasita, imene ili ndi chizindikiro cha µF, soldering iron ya mawati 30 kapena 40 ndi solder yake, screwdriver, batire la tochi la 1.5 V, lezala kapena kampeni kakuthwa, sipiliti, guluu woyera wa matabwa, masking tape ndi cholembera. Pa foni ikani pulogalamu ya tone generator, imene imatulutsa liwu limodzi pa frequency (kukwera kapena kutsika kwa liwu, koyezedwa mu Hz) imene mwasankha.

Musanamasule sikuluu ngakhale imodzi

Poyamba tsimikizani kuti vuto lili m'sipika osati mu ampulifaya. Zimitsani, sinthanitsani mawaya kumbuyo kwa ampulifaya, bokosi la kumanzere lipite kumanja. Vuto likatsatira bokosi, ndi la sipika. Likatsala mbali yomweyo, ndi la ampulifaya kapena waya.

Kenako chotsani masipika onse, yatsani ampulifaya popanda nyimbo, voliyumu ili pansi, ndipo muyeze DC, magetsi oyenda mbali imodzi, pa malo olumikizira sipika. Pansi pa 50 mV palibe vuto. Kupitirira 100 mV ampulifaya ikufunika kuonedwa. Mukapeza volti imodzi kapena kuposa, musalumikizenso sipika iliyonse pamenepo, chifukwa ampulifayayo ili ndi vuto ndipo ingawononge wufa yanu, ngakhale imene mukonzeyo. Kuyeza kumeneku n'kwa ma ampulifaya a transistor. Ya ma valve isayatsidwe popanda sipika.

Tsopano bwezerani bokosi, ikani nyimbo pang'onopang'ono, chotsani kansalu ka kutsogolo. Pindani katoni kukhala kapaipi, mbali imodzi pa khutu, ina pafupi ndi sipika imodzi-imodzi. Twita iyenera kutulutsa tsi-tsi-tsi wa zitsulo za ng'oma, midi, sipika yapakati, itulutse mawu a woimba, wufa itulutse besi. Lembani chimene chili chete, chofooka kapena chokwecha, n'kufanizira ndi bokosi linzake. Masipika amabwera awiri, ndiye bokosi labwinolo ndi limene lingakuuzeni mmene lodwalalo liyenera kumvekera ndi kuwerengera pa mita.

Kuyeza ma ohm kumbuyo kwa bokosi kumathandiza, koma kumanyenganso. Bokosi la 8 ohm limawerenga pakati pa 5.5 ndi 7.5, la 4 ohm limawerenga cha m'ma 3 mpaka 4. Koma nambala imeneyi ndi ya wufa ndi koyilo yake ya mu crossover basi. Twita ili kuseri kwa kapasita, ndipo kapasita salola DC ya mita kudutsa, choncho twita yakufa ndi yamoyo zimawerenga chimodzimodzi pamenepa. Mita ikapanda kuwerenga chilichonse, padukapo: waya, fyuzi, solder kapena voice coil ya wufa, waya wokulungidwa kuseri kwa koni umene umaiyendetsa. Ikawerenga pansi pa 1 kapena 2 ohm, pali shoti, ndipo bokosilo musalilumikize ku ampulifaya mpaka mutaipeza.

Kutsegula ndi kuyeza sipika iliyonse payokha

Goneketsani bokosi chagada, masulani wufa. Screwdriver muziigwira ndi manja awiri, chifukwa maginito amaikoka ndipo ikatereka imaboola koni. Musanachotse waya aliyense, jambulani ndi foni, ndipo matani tepi pa waya aliyense n'kulemba kumene amapita ndi mbali yake, + kapena −. Musadumphe zimenezi. Pa ma crossover ambiri twita kapena midi inalumikizidwa motembenuza mwadala, ndipo munthu akaiongola poganiza kuti akukonza, mawu a woimba amamveka ngati palibe kanthu pakati.

Wufa mukaichotsa musaiike pansi padothi. Mchenga wakuda wa m'mphepete mwa nyanja uli ndi tizitsulo timene timamata ku maginito, ndipo tikalowa mumpata wa voice coil timavuta kutulutsa. Ikani pa tebulo loyera, kutali ndi pamene mumapala zitsulo.

Chotsani waya mmodzi pa sipika musanayeze. Pa twita izi n'zofunika kwambiri, chifukwa ma crossover ambiri ali ndi koyilo yaing'ono yopingasa twita (yolumikiza + ndi − za twitayo), ndiye mukayeza isanachotsedwe mita imawerenga pafupifupi 0 ndipo mungataye twita yabwinobwino. Sipika ya 8 ohm iwerenge cha m'ma 5 mpaka 7, ya 4 ohm cha m'ma 3. Ikawerenga mochepa kwambiri poyerekeza ndi inzake ya m'bokosi linalo, voice coil inapsa ndipo mawaya ake ena agwirana. Nthawi zambiri mumamvanso fungo lakupsa mukanunkhiza.

Kwa wufa ndi midi, khudzitsani batire la 1.5 V. Mumva thu, ndipo + ya batire ikakhala pa + ya sipika koni imatuluka kunja. Pa twita batire lisiyeni. Kuti muiyese, ilumikizeni ku ampulifaya kudzera mu kapasita yabwino ya 3.3 kapena 4.7 µF, voliyumu ili pansi kwenikweni. Ikalira bwino chonchi koma m'bokosi ili chete, vuto lili mu crossover.

Ikani zala zinayi mozungulira kachipewa kapakati pa wufa, kankhirani m'kati mofatsa ndi mofanana. Iyenera kuyenda popanda phokoso. Ikamakwecha, zifukwa zake ndi zitatu: siponji yatha ndipo koni yapendekeka, mumpata mwalowa zinyalala, kapena voice coil inatupa ndi kutentha. Ziwiri zoyambazo zimakonzeka kunyumba. Chachitatu chimafuna munthu wokulunga voice coil, ndipo muuzeni asunge kukula kwa waya ndi kutalika kwa koyilo monga zinalili. Onaninso timawaya tiwiri tolukana tochokera pa malo olumikizira kupita pa koni. Tikayamba kuduka, besi imabwera n'kumatha. Tigwedezeni mita ili pomwepo, muone ngati nambala ikudumphadumpha.

Mmene crossover imagawira ntchito

Crossover ili ndi zinthu zitatu zazikulu. Kapasita imalola mawu aang'ono, a frequency yapamwamba, kudutsa, n'kutsekereza besi. Koyilo imachita zosiyana: imalola besi, n'kutsekereza mawu aang'ono. Resistor imachepetsa mphamvu kuti twita isapose wufa. Mu crossover yosavuta, kapasita imakhala panjira yopita ku twita, koyilo panjira yopita ku wufa, ndipo mawu osafunikawo amachepa ndi 6 dB (muyeso wa mphamvu ya mawu) pa octave iliyonse, ndiye kuti nthawi iliyonse imene frequency yachuluka kapena kuchepa kawiri. Mu crossover ya 12 dB amawonjezera koyilo yopingasa twita ndi kapasita yopingasa wufa. Masipika ena otchipa alibe bolodi n'komwe, ali ndi kapasita imodzi yomatidwa pa twita.

Tengani pepala, tsatirani waya kuchokera pa + ya kumbuyo kwa bokosi, mujambule chilichonse chimene mukudutsa mpaka pa sipika iliyonse. Mphindi khumi za kujambula zimenezi zimakupulumutsani ku kuwotcherera mongoyerekeza.

Pali kawerengedwe kamodzi koyenera kukadziwa. Chulukitsani ma ohm a twita ndi ma µF a kapasita, ndipo mugawe 159,000 ndi yankholo. Chimene mwapeza ndi frequency imene twita imayambira kugwira ntchito. Twita ya 8 ohm ndi kapasita ya 4.7 µF: 8 kuchulukitsa ndi 4.7 ndi 37.6, ndipo 159,000 kugawa ndi 37.6 ndi pafupifupi 4,200 Hz. Kapasita yomweyo ikakalamba n'kukwera kufika 8 µF, twita imayamba kulandira mawu kuyambira 2,500 Hz, mphamvu yoposa imene inapangidwira, ndipo imalira mobaya m'khutu kenako n'kupsa. Ikatsika kufika 2.5 µF, twita imayambira pa 8,000 Hz, ndipo pakati pa wufa ndi twita pamatsala mpata, nyimbo n'kumamveka yophimbika. Kawerengedweka n'ka crossover ya kapasita imodzi, ndipo ma ohm a sipika amasintha malinga ndi frequency, choncho kagwiritseni ntchito pomvetsa chimene chikuchitika, osati posintha nambala zimene opanga anaika.

Makapasita ndiwo amakalamba. Ambiri m'masipika akale ndi a electrolytic opanda + ndi −, olembedwa NP kapena BP. M'kati mwake muli kamadzimadzi kamene kamauma pakapita zaka. Kakauma, ma µF amasuntha, ndipo kapasita imayambanso kudya mphamvu ngati resistor, chimene amatcha ESR. Koyilo ndi waya wokulungidwa basi, siikalamba. Imafa pokhapokha itapsa kapena mwendo wake utaduka.

Kumva chizindikiro, kudziwa poyang'ana

Twita ili chete koma payokha ikulira. Tsatirani njira yake yonse. Masipika ambiri a ku Japan ali ndi kabatani kozungulitsa kutsogolo kapena kumbuyo kochepetsera twita ndi midi, L-pad. Yambani ndi kameneka, chifukwa dzimbiri la m'kati mwake ndilo limatseka matwita ambiri kuno kwa chinyezi. Kazunguzeni uku ndi uku maulendo 30 nyimbo ikulira. Twita ikamabwera n'kumatha, mwapeza. Popereranimo contact cleaner, osati mafuta omasulira mabawuti, amene amasiya utoto wogwira fumbi. Ngati si L-pad, yang'anani fyuzi, kapena kababu kakang'ono kofanana ndi ka m'denga la galimoto kamene opanga ena amaika potetezera twita. Kenako resistor yoyera ya makona anayi, ya mawati 5 kapena 10: ikapsa imang'aluka kapena kudetsa bolodi pansi pake. Pomaliza kapasita.

Twita ikulira koma mofooka mbali imodzi. Apa ganizirani ESR ya kapasita. Njira yachangu ndi kuchotsa mwendo umodzi wa yakaleyo, n'kugwirizira kapasita yabwino ya nambala yomweyo, n'kumvetsera. Mawu akabwerera, nkhani yatha. Akapanda kubwerera, sinthanitsani matwita a mabokosi awiriwo. Kufooka kukatsatira twita, mwina ili ndi ferrofluid, mafuta akuda a m'mpata wa voice coil ozizira koyilo, amene akauma amagwira koyiloyo kuti isayende bwino. Amachotsedwa ndi kapepala kopyapyala kolowetsedwa mumpata mpaka katuluke koyera, koma kumasula twita yotere kumafuna dzanja lofatsa chifukwa timawaya take n'topyapyala kwambiri.

Twita ikupsa mobwerezabwereza. Musaike yachitatu musanayeze kapasita yake. Pa ma ohm, kapasita yabwino imayamba ndi nambala yotsika n'kukwera mpaka mita itasiya kuwerenga. Ikaima pa nambala yotsika, yachita shoti ndipo besi yonse ikupita ku twita. Onaninso ngati koyilo yopingasa twita siinaduke mwendo. Zonsezi zikakhala bwino, vuto ndi kaimbidwe: ampulifaya yaing'ono yokwezedwa mpaka mawu atayamba kusweka imatulutsa mphamvu yambiri ya frequency yapamwamba, ndipo yonseyo imathera pa twita.

Besi yafooka, ampulifaya ikutentha kapena kudzizimitsa. Yang'anani kapasita yaikulu yopingasa wufa, ngati yachita shoti. Koma wufa ikamaimba mawu a woimba mokuwa kuposa inzake, kapasita yomweyo yaduka m'kati, kapena wina anadumphitsa koyilo ndi waya pokonza kale.

Mawu akumatha mukakweza, n'kubwerera mukatsitsa. Masipika ena ali ndi polyswitch, kachidutswa kachikasu kathyathyathya kamene kamadula njira kakatentha. Kakamadula pokhapokha mwakweza kwambiri, kakugwira ntchito yake. Kakamadula pa voliyumu wamba, kakalamba, ndipo kasinthidwe ndi kofanana nako. Ngati palibe polyswitch, ndi solder yong'aluka. Miyendo ya makoyilo olemera ndiyo imayamba, chifukwa cha kugwedezeka kwa zaka zambiri. Gogodani bolodi ndi chigwiriro cha screwdriver nyimbo ikulira, ndipo yang'anitsitsani kamzere kozungulira mwendo. Wotchereraninso ndi solder yatsopano.

Zikakhala kuti khutu silikusiyanitsa, yezani ndi tone generator. Ikani 100 Hz, kwezani mpaka mita pa AC iwerenge 1 V kumbuyo kwa bokosi, ndipo osasinthanso voliyumu. Yezani pa wufa, pa midi ndi pa twita, pa 100, 500, 1,000, 3,000 ndi 6,000 Hz, n'kulemba. Chitani chimodzimodzi pa bokosi linalo. Mamita otchipa sawerenga molondola kupitirira 1,000 Hz, koma amalakwitsa mofanana mbali zonse ziwiri, ndiye pamene mabokosi asiyana ndi pamene pali vuto. Liwu limodzi lopitirira limatenthetsa twita msanga kuposa nyimbo, choncho musapitirire 1 V ndipo musachedwepo.

Kusintha makapasita

Chotsani mwendo umodzi pa bolodi musanayeze µF, apo ayi zinthu zina zapafupi zimasokoneza nambala. Ikasiyana ndi yolembedwa ndi kupitirira 10 peresenti, sinthani. Yotupa, yong'aluka kapena yotulutsa zoyera pa miyendo sinthani osayeza n'komwe. Ndipo sinthani mabokosi onse awiri nthawi imodzi, ngakhale linalo likumveka bwino, kuti kumanzere ndi kumanja kufanane. Makapasita a film, athyathyathya kapena achikasu olimba, nthawi zambiri amakhala bwino ndipo asiyeni.

Nambala ya µF ikhale yomweyo. Ma volti angapose, koma asachepe. Ampulifaya ya mawati 100 pa 8 ohm imatulutsa ma volti 28, ndipo nsonga zake zimafika 40, choncho kapasita ya 50 V ili m'malire ndipo ya 100 V ndiyo yabwino.

Makapasita a NP savuta kwenikweni ku Lilongwe, koma pa Salima mungazungulire mashopu osawapeza. Pali njira zitatu zodalirika. Yoyamba ndi makapasita a fani ya kudenga, akuda a makona anayi olembedwa CBB61, a 1.5, 2, 2.5, 3 kapena 4 µF, 450 V. Amenewa ndi a polypropylene, alibe + ndi −, sauma, ndipo pa twita amagwira ntchito bwino kwambiri. Aakulu a mapampu a madzi, olembedwa CBB60, amathandiza pa midi ndi wufa. Pewani olembedwa CD60 kapena motor start, amene anapangidwira kugwira ntchito kwa masekondi ochepa poyambitsa mota. Kapasita yochokera mu fani kapena pampu imatha kusunga magetsi, ndiye gwirizitsani miyendo yake ndi screwdriver ya chigwiriro cha pulasitiki musanaikhudze.

Yachiwiri ndi kuphatikiza. Makapasita olumikizidwa mwendo ku mwendo mbali zonse ziwiri amawonjezerana: 2.5 ndi 2 amapanga 4.5, pafupi mokwanira ndi 4.7, 4 ndi 2.5 amapanga 6.5, m'malo mwa 6.8. Yachitatu, pa nambala zazikulu, ndi kutenga makapasita wamba awiri a + ndi −, ofanana, n'kulumikiza − ndi −, n'kugwiritsa ntchito miyendo iwiri ya + yotsalayo. Nambala imagawika pawiri: awiri a 22 µF amapanga 11 µF. Izi n'zoyenera kumbali ya wufa. Kapasita wamba imodzi yokha musaiike mu crossover, chifukwa mawu ndi magetsi opita uku ndi uku ndipo imawonongeka.

Mukachotsa electrolytic n'kuika ya film, twita imatha kumveka yakuthwa pang'ono, chifukwa ESR ya yakale ija, ngakhale ili yatsopano, inali mbali ya kawerengedwe ka opanga. Mvetserani masiku angapo. Ikapitirira kubaya, onjezani resistor ya 0.5 kapena 1 ohm, ya mawati 5, motsatizana ndi kapasitayo.

L-pad ikakana kuyera, mungaichotse n'kuika ma resistor awiri a mawati 10. Pa twita ya 8 ohm, kuti muchepetse ndi 3 dB ikani 2.2 ohm panjira ndi 20 ohm yopingasa twita. Kuti muchepetse ndi 6 dB, ikani 4 ohm panjira ndi 8 ohm yopingasa. Resistor isakhudze bolodi kapena thonje la m'bokosi, pakhale kampata ka mpweya pansi pake.

Makoyilo musawasunthe. Mukaona awiri atakhala wina chogona wina choimirira, anawaika choncho kuti mphamvu ya maginito ya wina isalowe mwa mnzake. Koyilo yomasuka imatirireni ndi guluu kapena chingwe cha pulasitiki, osati bawuti yachitsulo pakati pake, chifukwa chitsulo chimasintha nambala yake. Kapasita yatsopano nayo imatidwe pa bolodi, isalendewere pa miyendo yake.

Siponji ya m'mphepete mwa wufa

Siponji ikayamba kunyenyeka mukaikhudza, lekani kuimba wufayo, chifukwa ndi imene imathandiza kugwira voice coil pakati, ndipo ikamakwecha imadzisenda mpaka kupsa. Musamatepo chubu cha njinga kapena nsalu yopaka guluu. N'zolemera ndi zolimba, koni siyenda momasuka, besi yakuya imatha. Ngati inali siponji, ibwerere siponji.

Kungonena kuti mainchesi 8, 10 kapena 12 sikokwanira pogula. Yezani ndi rula kukula kwa koni m'mphepete mwake, kukula kwa m'kati mwa felemu pamene siponji imamatidwa, ndi kufufuma kwa mkombero wake. Onaninso ngati inamatidwa pamwamba pa koni kapena pansi, ndiponso ngati mlomo wake wa m'kati ndi wopendekeka kapena wathyathyathya. Mukasowa kuno, funsani m'mashopu a zida za mawailesi ku Lilongwe kapena itanitsani pa intaneti, awiri nthawi imodzi.

Matulani mkombero wa katoni wa pa felemu ndi kampeni, n'kuusunga. Palani siponji yakale yonse pa felemu, pukutani ndi sipiliti mpaka chitsulo chiyere. Pa koni ya pepala musathire sipiliti wambiri. Pekesani zotsalira ndi chala, dzanja lina litachirikiza koni pansi. Pakani guluu wopyapyala pa mlomo wa koni ndi pa siponji, dikirani mphindi zochepa ayambe kunanda, matani, ndipo muzitsinira mozungulira mpaka agwire. Siyani ola limodzi kapena awiri. Guluu woyera wa matabwa amagwira bwino pa pepala ndipo amakupatsani nthawi yokonza malo. Supa guluu amauma gwa n'kuthyola siponji. Guluu wa nsapato amagwira nthawi yomweyo osalola kusuntha, ndipo wina amasungunula siponji, ndiye yesani pa kachidutswa kaye. Koni ya pulasitiki imafuna guluu wobwera ndi siponjiyo, chifukwa wa matabwa samatapo.

Kumata kunja, pa felemu, ndi pamene ntchito imakomera kapena kuwonongeka, chifukwa voice coil iyenera kukhala pakati penipeni pa mpata wosakwana milimita imodzi. Njira yotsimikizika ndi kudula kachipewa kapakati mozungulira ndi lezala, kusiya kachigawo kakang'ono kosadula, n'kukatsegula. Lowetsani timizere titatu kapena tinayi ta filimu yakale ya X-ray kapena pulasitiki yopyapyala pakati pa voice coil ndi chitsulo chapakati, motalikirana mofanana. Mukaona zinyalala mumpata, zitulutseni kaye ndi masking tape yopindidwa mbali yomata ili kunja. Timizereto tili momwemo, pakani guluu pa felemu, matani siponji, bwezerani mkombero wa katoni, panikizani ndi mapegi a zovala. Mawa lake chotsani timizere, kankhani koni kuti mumve ngati ikuyenda bwino, n'kumata kachipewa.

Amene safuna kudula kachipewa angagwiritse ntchito liwu la 40 kapena 50 Hz, pang'ono chabe kuti koni izinjenjemera, guluu wa pa felemu akadali wofewa. Sunthani siponji pang'onopang'ono mpaka kukwecha kutheretu, n'kupanikiza ndi mapegi moyang'anizana, kumpoto ndi kumwera, kenako kum'mawa ndi kumadzulo. Njira iyi imayenda bwino pa mawufa a mpata waukulu. Pa a mpata wothina gwiritsani ntchito timizere.

Koni ya pepala yong'ambika imamatidwa ndi kapepala ka tiyi wa m'timatumba, kopakidwa guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi pang'ono, kumbuyo kwa koni. Kachigamba kakhale kakang'ono kuti kasalemeretse mbali imodzi.

Bokosi, ndi kuimba koyamba

Pamene wufa ikuuma, yang'anani m'bokosi. Makoswe amamanga zisa mu thonje la m'katimo n'kudya mawaya, mphemvu zimabisala pansi pa bolodi, mavu amamanga dothi m'paipi yotulutsira besi. Thonjelo likawonongeka, ikani lina la mapilo lochuluka mofanana, osasiya bokosi lopanda kanthu. Ngati ndi fibreglass yachikasu, valani magolovesi ndi kuphimba mphuno. Pa paipi ikani sefa ya waya ya mabowo aakulu kumbali ya m'kati, yotsekereza khoswe koma yosatsekereza mpweya, ndipo paipiyo musaifupikitse.

Matabwa a chipboard akafufuma pansi, aumitseni pamthunzi, thirani guluu wosungunula kuti alowerere, panikizani pakati pa matabwa awiri usiku wonse. Mabowo a masikuluu otakasuka adzazeni ndi timitengo ta machesi ndi guluu. Ming'alu ya m'makona imatidwe kuchokera m'kati. Pansi pa felemu ya wufa pakhale kamkombero ka siponji yopyapyala kuti mpweya usatuluke, ndipo masikuluu amangidwe moyang'anizana, pang'onopang'ono, kuti felemu isapindike. Pa bokosi lopanda paipi, kankhani koni m'kati n'kusiya: ikabwerera mwapang'onopang'ono, bokosi latsekeka bwino. Ikabwerera nthawi yomweyo, mpweya ukutuluka penapake.

Mukabwezera zonse, yezaninso ma ohm kumbuyo, afanane pa mabokosi onse awiri. Khudzitsani batire kumbuyoko kamodzi, mawufa onse atuluke kunja + ikakhala pa waya wofiira. Kenako yang'anizitsani mabokosiwo pafupi, imbani nyimbo ya besi yambiri, n'kutembenuza mawaya a bokosi limodzi. Kalumikizidwe kamene kakupereka besi yochuluka ndiko kolondola.

Siponji yatsopano imakhala youma pang'ono, ndipo besi imafewa pakapita maola angapo akuimba pa voliyumu wamba. Mabokosi akhale pa timatabwa kapena tinjerwa, masentimita 10 kuchokera pansi, kuti madzi okolopera asawapeze, ndipo atalikire zenera limene dzuwa limalowera. Masipika amenewa ndi a pabalaza, si a pa chinkhoswe kapena pa ukwati panja, pamene munthu amakweza mpaka mawu kusweka kuti amveke kutali. Mukafuna kulumikiza mabokosi awiri mbali imodzi ya ampulifaya, werengani kaye zolembedwa kumbuyo kwake: awiri a 8 ohm amapanga 4, awiri a 4 ohm amapanga 2, ndipo ma ampulifaya ambiri a m'nyumba sapirira pansi pa 4.